Setilaiti siidziwa msangu

Akonzi,

Chaka ndi chaka, mvula ikangoyamba kukata, nyuzipepala yanu imadzaza ndi mkangano wa manambala. Ena akuti chimanga tikolola chokwanira, ena akuti ayi kuli njala, ena akukangana za mahekitala a nkhalango amene apita ndi makala. Masiku ano wofuna kutseka anzake pakamwa amangoti "zithunzi za setilaiti zasonyeza," basi onse zii, nkhani yatha. Ine ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yowerenga zithunzi zomwezo. Ndati ndilembeko kuti owerenga anzanga adziwe zimene zimachitika pakati pa setilaiti ndi mapu okongola aja, chifukwa pakati pamenepo ndi pamene pali posowa anthu athu.

Kwathu ndi ku Phalombe, ndipo ndisanabwere ku Joni ndinagwirako ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Kuno ndinayamba ndi maganyu monga aliyense, mpaka ndinalowa pa kakampani kena koyeza nthaka ndi madzi pa milu ya dothi la m'migodi. Amene munafikako mukuidziwa milu yachikasu ija, imene imaoneka mukamadutsa mumsewu wa M2 kapena polowera ku Soweto. Golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo kuyambira pamenepo miyala yoperedwa akhala akuiunjika kummwera kwa mzindawu. Agogo athu a Wenela nawo thukuta lawo lili pa milu imeneyi. M'dothimo muli mwala wotchedwa pyrite, umene ukakumana ndi mpweya ndi madzi a mvula umatulutsa asidi woyenderera m'timitsinje. Mphepo ya Ogasiti ikayamba, fumbi lake limakalowa m'nyumba za anthu ku Riverlea ndi ku Diepkloof. Ine ndinkanyamula GPS ndi timatumba ta dothi, n'kumalemba pamene taima ndi chimene taona. Mayi wina wachikulire wopanga mapu mu ofesimo, ataona kalembedwe ka m'kabuku kanga, anayamba kumandikhazika pambali pa kompyuta yake nthawi ya nkhomaliro. Sukulu yanga inali imeneyo.

Chimene setilaiti imatumiza pansi ndi manambala. Dziko limagawidwa timabokosi, timene pantchito timati mapikiselo, ndipo pa kabokosi kalikonse makina amalemba kuchuluka kwa kuwala kwa dzuwa kumene kwabwerera kumwamba. Salemba nambala imodzi yokha. Amalemba nambala pa gawo lililonse la kuwala, magawo amene timati mabandi. Diso la munthu limaona kuyambira cha pa nanomita 400 kulekeza pa 700 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), kuchokera pa buluu kukafika pofiira. Kupitirira apo kuli infrared, imene ife sitiiona koma ndi imene imaulula za tsamba. Tsamba lathanzi limamwa kuwala kofiira popanga chakudya, n'kubweza infrared yambiri. Likayamba kufota, kofiira kumabwerera kochuluka, infrared imachepa. Madzi amameza pafupifupi infrared yonse, n'chifukwa chake pa bandi imeneyo nyanja imangoti bii. NDVI, muyeso wa kubiriwira kwa zomera umene akatswiri amautchula ndi mawu okhuthala pamisonkhano, ndi masamu a Sitandade 8: pa nambala ya infrared chotsani yofiira, yankholo mugawe ndi ziwirizo mutaziphatikiza. Zotsatira zimakhala pakati pa -1 ndi 1. Dothi lopanda kanthu limakhala cha pa 0.1 kapena 0.2, chimanga chothiridwa bwino feteleza chikamamasula ngayaye chimakwera cha m'ma 0.7 ndi 0.8.

Zithunzizo sizigulidwa. Landsat ya ku America inayamba kujambula mu 1972, ndipo kuyambira 2008 bungwe la boma la America la USGS linatsegula nkhokwe yonse kuti aliyense atengemo ulere. Landsat 8 inakwera mu 2013, Landsat 9 mu 2021. Pikiselo yawo ndi mamita 30 mbali zonse, ndipo iliyonse imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16. Sentinel-2 ya mayiko a ku Ulaya inayamba mu 2015, ili ndi mabandi 13, anayi mwa iwo a mamita 10, ndipo imadutsa pamutu pathu masiku asanu alionse. Mapulogalamu owerengera nawonso alipo aulere. Pali QGIS, imene mkati mwake mutha kuikamo Semi-Automatic Classification Plugin yolembedwa ndi Luca Congedo. Pali SNAP ya bungwe la ku Ulaya la zamlengalenga la ESA, yolemera pang'ono, imafuna kompyuta yamphamvu. Pali MultiSpec ya ku Purdue University ku Indiana, yooneka yachikale koma yopepuka moti imayenda pa laputopu yogula kusalaula kwa makompyuta, ndipo pophunzitsa munthu kusanthula mabandi ine ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa siibisa masamu ake.

Sindikunyoza ENVI kapena ERDAS Imagine, mapulogalamu ogulitsa amene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Ndi abwino. Koma m'gulu lathu lophunzira kuwerenga zithunzizi muli chemwali wina amene ali ndi dipuloma yochokera ku koleji ina kumudzi, kumene anaphunzitsidwa pa pulogalamu yolipira m'chipinda cha makompyuta. Tsiku limene anatuluka pageti la kolejiyo ndi tsiku lomaliza kuikhudza, popeza laisensi yake munthu wamba sangaikwanitse. Pofika kuno anali akuluka tsitsi mu saluni, za m'kalasi zitayamba kuuluka. Akanaphunzira pa QGIS akanaitenga pa fulashi n'kumapitiriza kunyumba.

Gulu ndikunenali timakumana Loweruka masana ku Turffontein, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi a kwaya akamaliza. Muli mlonda, muli woyendetsa njinga yoperekera zakudya, muli chemwali uja, ndi bambo wina wachikulire wa ku Bwanje ku Ntcheu amene amasamala maluwa m'nyumba za ku Randburg. Bamboyu poyamba ankangobwera kudzadikira mphwake kuti akwerere limodzi takisi.

Timayamba ndi Johannesburg ya mu Julaye, chifukwa aliyense amaidziwa ndi mapazi. Tikasanja mabandi 8, 4 ndi 3 a Sentinel-2, chilichonse chamasamba chimasanduka chofiira. Nyengo imeneyo udzu wa kuno umakhala utauma ndi chisanu, ndiye zofiira zimatsala kumene kuli mitengo ndi mipope yothirira: Houghton, Sandton, mabwalo a gofu. Mukangowoloka M1 kulowa Alexandra, kufiira kumazima, kumatsala phulusa la malata ndi simenti. Palibe amene amafunsa tanthauzo. Kenako aliyense amafuna kuona kwawo, ndipo ola lathunthu limatha anthu akufufuza denga la sukulu ya pulayimale ndi mtengo wa kachere wa pabwalo la mfumu. Ndimawasiya, chifukwa akamafufuza mudzi ndi pamene manja akuzolowera.

Kudina mabatani sikuvuta. Misampha ilipo, koma ndi yowerengeka. Pa Landsat 5 ndi 7 infrared ndi bandi 4, pa Landsat 8 ndi 9 ndi bandi 5; mnyamata wa njinga uja atasakaniza anapeza Chikangawa yonse itafa. Zithunzi za Landsat 7 za kuyambira pakati pa 2003 zili ndi mizere yopanda kanthu chifukwa kachipangizo kena kanawonongeka m'mwamba momwemo, choncho musaganize kuti kompyuta yanu yadwala. Pa Sentinel-2 tengani mafayilo olembedwa L2A, amene achotsedwa kale zosokoneza za mumlengalenga, makamaka ngati mukuyerekeza miyezi iwiri. Kwathu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire ndi wa osaka mbewa umakhala uli tolo. Pa UTM, njira yogawa dziko m'zigawo popanga mapu, sankhani chigawo choyenera: Malawi ali mu 36S pamene Johannesburg ili mu 35S. Ndipo mapu akale apepala ojambulidwa pa muyeso wakale wa malo wotchedwa Arc 1950 mukawasanjika pa chithunzi cha lero osawasintha, mtsinje umasuntha mamita oposa 200, munda wa munthu n'kulowa m'nkhalango ya boma. Zonsezi munthu amazigwira msanga.

Povuta ndi pouza pulogalamu kuti ichi n'chiyani. Njira zilipo ziwiri. Mutha kuisiya kuti isonkhanitse yokha mapikiselo ofanana manambala, inu n'kupereka mayina ku magulu amene yatulutsa. Kapena muyambe ndinu kuionetsa zitsanzo, apa chimanga, apa dambo, apa malata, iyo n'kufufuza zofanana nazo pa chithunzi chonse. Njira zonse ziwiri zimathera pa munthu, ndipo munthuyo ayenera kukhala wodziwa malowo.

Tsiku lina chemwali uja anatenga chithunzi cha chigwa cha Bwanje cha mu Seputembala, pulogalamu n'kumupatsa gulu lina lobiriwira kwambiri pakati pa dziko louma. Iye analemba kuti madimba. Zinali zomveka, chobiriwira mu Seputembala n'chiyaninso ngati si chothirira? Bambo aja anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa osalankhula.

"Mwana wanga, dimba la ndani limakhala kumtunda kuno, kutali ndi mtsinje chonchi? Komanso dimba silikhala timadontho. Imeneyi ndi misangu."

"Ndiye tiisiyanitsa bwanji ndi mango, bambo?" ndinawafunsa.

"Aphunzitsi, funani chithunzi cha Disembala. Msangu mvula ikagwa umayoyola masamba. Mango sayoyola."

Tinafufuza tsiku la Disembala lopanda mitambo, ndipo timadontho tambiri tinapezeka titazimirira, tina titatsala tobiriwira pafupi ndi nyumba. Msangu umachita zosemphana ndi mitengo inzake: umavala masamba m'chilimwe n'kuvula m'dzinja, n'chifukwa chake alimi amausiya m'munda, chimanga pansi pake chimakondwa. Mlimi aliyense wa m'chigwa amadziwa zimenezi. Pulogalamu siidziwa, ndipo katswiri wochokera kutali amene sanapondepo Bwanje akanatulutsa lipoti loti ulimi wothirira wafalikira ku Ntcheu. Kuyambira tsiku limenelo bambo aja ali ndi mpando wawo pafupi ndi laputopu, ndipo palibe gulu limene timalipatsa dzina iwo asanalione.

Minda yathu ndi yovuta kuwerenga kuposa ya kuno. Ku Free State munda umodzi wa chimanga umatenga mahekitala mazana, mbewu imodzi, malire owongoka. Pamenepo ngakhale wophunzira kumene amalondola. Kwathu ekala imodzi ndi mapikiselo pafupifupi 40 a Sentinel-2, ndipo pa Landsat safika asanu. Mwa ochepawo ambiri amagwera m'malire, theka munda theka njira kapena chulu. M'kati mwa ekalayo muli chimanga, nandolo, maungu oyanga pansi, mtengo wa mango pakona, mwina ndi kaufiti. Setilaiti imaphatikiza zonsezo n'kulemba nambala imodzi. Mu Febuluwale chilichonse n'chobiriwira, chimanga, fodya, udzu wa m'munda wosapalira, ndipo NDVI yokwera siikuuzani ngati n'chakudya kapena tchire.

Chimene chimathandiza ndi kalendala ya mlimi. Kwathu ku Phalombe chimanga chimachoka m'munda mu Epulo ndi Meyi, koma nandolo amatsala ali chiimire, wobiriwira mpaka Julaye ndi kupitirira. Ndiye mukasanjikiza chithunzi cha Febuluwale ndi cha Julaye, minda yosakaniza imadzionetsa yokha. Ku Nkhata Bay chinangwa chimakhala m'munda chaka chonse. Ku Chikwawa nzimbe za ku Nchalo zimabiriwira pamene zonse zauma. Kudziwa mwezi woyenera kufunsa chithunzi ndi theka la ntchito, ndipo nzeru imeneyi ili ndi alangizi, alonda a nkhalango ndi alimi, anthu amene kawirikawiri saitanidwa ku maphunziro a makompyuta.

Mapu akatuluka ayenera kuyesedwa, ndipo apa ndikulankhula ndi atolankhani anu. Wopanga mapu woona amasunga pambali gawo la mapoyinti amene anatola m'munda, osawaonetsa pulogalamu, n'kudzawagwiritsa ntchito pomaliza kuona kuti yalondola kangati ndipo yasokoneza chiyani ndi chiyani. MultiSpec ndi QGIS zonse zimatulutsa tebulo losonyeza zimenezi. Kumeneko ndi kumene mumaona kuti denga ladzimbiri laliyesa dothi lofiira, kapena bulugamu wobzala wamuyesa nkhalango yachilengedwe. Munthu akabwera ndi nambala ya setilaiti, mufunseni kuti chithunzicho n'cha mwezi uti, anafika m'minda ingati, m'maboma ati, ndipo tebulo lija lili kuti. Mufunsenso ngati mindayo siili yonse m'mbali mwa tala. Galimoto za maprojekiti sizikonda matope, koma anthu ambiri amalima kumene tala sanafike.

Tsono za hyperspectral, zimene achinyamata amazithamangira chifukwa zikumveka zatsopano. Tiyerekeze kuti kuwala ndi nzimbe yaitali. Sentinel-2 imadulapo zidutswa 13 zikuluzikulu apa ndi apo, pakati n'kusiya. Makina a hyperspectral amaduladula nzimbe yonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, tizidutswa toposa 200, kalikonse kopyapyala, cha m'ma nanomita 10. Hyperion ya NASA inagwira ntchito imeneyi kuyambira 2000 mpaka 2017. Pano kuli PRISMA ya ku Italy, ya 2019, ndi EnMAP ya ku Germany, ya 2022, ndipo QGIS ili ndi chida chotchedwa EnMAP-Box chotsegulira mafayilo ake. Pa milu ya m'migodi ya kuno zimagwiradi ntchito. Miyala ya chitsulo imameza kuwala cha pa nanomita 900, ya mtundu wa dongo cha pa 2200, uliwonse mwa njira yake, moti mutha kupeza pamene pali jarosite, mwala wachikasu umene umasonyeza kuti asidi wayamba kutuluka. Bandi ya Sentinel-2 ya cha pa 2200 ndi yotakata kwambiri, imameza kusiyana konseko. Kwathu akatswiri a miyala ku Kangankunde ku Balaka kapena ku Songwe Hill kwathu ku Phalombe angapindule nazo, bola pamalo pamene thanthwe lili poyera. Pamene pali udzu ndi mitengo, makinawo amawerenga masamba.

Koma kwa wofuna kuwerenga minda ya anthu, ine ndikuti asathamange. Pikiselo ya PRISMA ndi EnMAP ndi mamita 30, ekala yathu ija yabwereranso pa mapikiselo osafika asanu. Amajambula kanjira ka makilomita 30 m'lifupi pamene Sentinel-2 imatenga 290, ndiye boma lanu mwina silinajambulidwe m'mwezi umene mukufuna. Mabandi a cha pa 1400 ndi 1900 mumayamba mwawataya chifukwa chinyezi cha mumlengalenga chimawaononga. Ndipo pali chimene Gordon Hughes anasonyeza kale mu 1968: mabandi akachuluka zitsanzo zili zochepa, kulondola kumatsika m'malo mokwera. Pa njira yakale yogawira mapikiselo m'magulu yotchedwa maximum likelihood, lamulo la pantchito limati gulu lililonse likhale ndi mapikiselo achitsanzo osachepera kakhumi kuchuluka kwa mabandi. Mabandi 10 akufuna 100. Mabandi 200 akufuna 2,000, pa chimanga pokha, enanso pa nandolo, enanso pa dambo. Pali njira zochepetsera mabandi musanayambe, MultiSpec inapangidwira zomwezo, koma makina akamanola ndi pamene amafuna mapazi ambiri m'munda.

Mitambo ndisaiwale. Miyezi imene tikufunitsitsa kuona mbewu, Januwale ndi Febuluwale, ndi imene kumwamba kumatsekeka. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, Blantyre, Mulanje ndi Phalombe zinali pansi pa mtambo pa nthawi imene anthu ankafuna kudziwa kumene madzi afika. Zikatero timatembenukira ku Sentinel-1, imene imagwiritsa ntchito radar yoboola mitambo, ndipo SNAP ndiye pulogalamu yake. Limenelo ndi phunziro lina, lolimbirapo. Kwa woyamba kumene, ndimamutumiza ku Nyanja ya Chilwa: atenge zithunzi za Landsat za 1995 ndi 2018, zaka zimene nyanjayi inaphwa, aziyerekeze ndi zaka za madzi ambiri, awerenge yekha makilomita. Madzi ndi osavuta kupeza, ngakhale m'mphepete mabango ndi matope amamuvutitsa mokwanira kuti aphunzire kukayikira.

Pempho langa lili pa atatu, ndipo silifuna ndalama zambiri. Makoleji athu, kaya ndi LUANAR, Mzuzu University, MUBAS, MUST kapena UNIMA ku Zomba, aonetsetse kuti wophunzira akutuluka ndi pulogalamu yaulere pa laputopu yake ndiponso zithunzi za boma la kwawo. Fayilo imodzi ya Sentinel-2, yotenga dera la makilomita pafupifupi 100 mbali zonse, imayandikira gigabayiti imodzi, ndipo tonse tikudziwa mtengo wa bandulo. Koleji itsitse kamodzi, ana azikopera pa fulashi. African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020 yasonyeza kale kuti achinyamata athu zinthuzi amazigwira. Kachiwiri, maphunziro afupiafupi akabwera, mipando ina ipite kwa alangizi a m'ma EPA ndi ogwira ntchito za nkhalango, osati mabwana a ku likulu okhaokha. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ife takhala tikutuma alendo kuti akationere minda yathu kuchokera kumwamba.

Chachitatu ndiye chachikulu. Alangizi amayenda kale m'minda chaka chilichonse pa kafukufuku wa zokolola, ndipo ambiri ali ndi foni ya GPS m'thumba. Akafika pamunda alembe tsiku, mbewu zonse zili m'mundamo, manambala a malo, ndi kujambula chithunzi chimodzi. Aime pakati pa munda, osati pamalire kapena pansi pa mtengo, popeza foni imaphonya ndi mamita angapo. Mapoyinti amenewa asathere m'laputopu ya projekiti imene ikatha imapita nawo. Asungidwe poti wophunzira wa ku Bunda kapena mwana wa ku Turffontein angawapeze. Nkhokwe ya pa intaneti ya MASDAP ilipo kale yosungira mapu a dziko lathu.

Ife a Loweruka tayambapo pang'ono. Aliyense akamaimba foni kumudzi kunena kuti ndalama yatumizidwa, amapemphanso mphwake kapena mlamu wake kuti akaime pakati pa munda, atumize malo pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi, anenenso zimene anabzala ndi sabata imene anabzala. Abale ena amayamba akayikira, amaganiza kuti tikufuna kugulitsa malo, ndiye pamafunika kufotokoza bwinobwino, nthawi zina mpaka kwa amfumu. Za chimanga ndi nandolo tili nazo zoyambira. Zimene zikutisowa ndi minda ya mbatata, mtedza ndi mpunga wa m'madambo a Chilwa, ndipo m'gulu mwathu mulibe aliyense wa ku Karonga kapena Chitipa.

Ine wanu,
Mlangizi wakale wa ku Phalombe,
Turffontein, Johannesburg